Kapu ya Khofi pa Slava ya Bambo Obrad

MUTU 6

1. Foni ilira

Kwathu kuno ku Valjevo banja lililonse lili ndi woyera mtima wake, ndipo tsiku la woyerayo likafika pakhomo pamakhala phwando limene timati slava. Kandulo imayaka tsiku lonse, wansembe amadalitsa mkate, ndipo aliyense wolowa amadyetsedwa mpaka kumasula lamba. Slava imayenda ndi magazi a bambo. Mwana akamasowa pa slava ya bambo ake, anthu sachedwa kufunsana ngati akadali mwana wa pakhomopo.

Nevena anali atasowa zaka zingapo. Bambo ake, a Obrad, atasiyana ndi mayi ake, a Dobrila, anabwerera kumudzi kwawo kumapiri. Kumeneko anakwatira mkazi wina, Zorana, ndipo anabereka kamtsikana dzina lake Lenka. Nevena anatsala m'tauni ndi mayi ake. Chaka ndi chaka, tsiku la Nikolasi Woyera, woyera mtima wa banja la bambo ake, likamayandikira, ankayenda ndi foni m'manja ngakhale popita kukasamba. Foniyo sinkalira.

Chaka chimenechi, Nevena ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, inalira.

"Amayi, anali ababa," anatero akulowa m'khitchini, chikwama chasukulu chikadali kumsana. "Akuti ndipite ku slava. Akuti ndine mwana woyamba, ndikagwire nawo mkate wansembe akamadalitsa."

Mayi Dobrila anazimitsa sitovu. Anakhala pampando.

Chimene chinawavuta si nsanje ayi. Nevena ali ndi matenda otchedwa siliyaki. Munthu wa matendawa akadya tirigu, balere kapena mbewu zina za mtundu umenewo, matumbo ake amanyuka n'kusiya kuyamwa chakudya. Chimene chimawononga ndi kaulimbo ka m'mbewuzo, kamene madokotala amati guluteni. Matendawa asanadziwike, Nevena anali woonda ngati mpini wa tsache, mimba yokha itatupa, kuchimbudzi osathako phazi. Atasiya tirigu masaya anabwerera ndipo tsitsi linaleka kuthothoka.

Tsono slava yathuyi, kunena zoona, ndi tirigu kuyambira pakhomo mpaka potsanzika.

2. Mawu a mayi

Tsiku la ulendo mayi Dobrila anamukhazika pansi asanavale nsapato.

"Sindikukuletsa, Nevena. Ndi bambo ako, ine sindinakubereke ndekha. Koma nyumba ija ndimaidziwa, ndinatsukamo mbale zaka zambiri. Ukangolowa akulandira ndi tirigu wophika wothira shuga ndi mtedza. Uchite chizindikiro cha mtanda, upereke mafuno abwino, koma supuni usaigwire. Anena kuti kamodzi kokha sikapha munthu. Anena kuti ndi chodalitsidwa. Matumbo ako sadziwa kuti ichi wansembe wachipempherera. Nsomba usadye, amaigubuduza mu ufa asanaikazinge. Nyemba usadye, amathiramo ufa kuti msuzi ulimbe. Mkate ugwire monga bambo ako akufunira, ukatero ukasambe m'manja. Chakudya chako ndakuikira m'kabakuli aka. Udye osachita manyazi, chifukwa wodwala ukakhala ndiwe, iwo akagona tulo tabwino."

"Nanga khofi?" anafunsa Nevena. "Ndikakana zonse anena kuti ndabwera kudzawanyoza. Khofi paja dokotala analola."

"Analola, ndinali pomwepo. Anati khofi ndi njere ya mtengo wakewake, alibe chibale ndi tirigu. Ungamwe kapu yako ngati wina aliyense. Anati alipo ena amene khofi amawasokoneza m'mimba, koma imeneyo ndi nkhani ina, si ya guluteni. Kenaka anawonjeza mawu, ndipo mawu amenewo ndi amene ndikufuna ukwere nawo basi. Anati khofiyo akhale khofi yekha. Choopsa ndi zimene anthu amaphatikizamo, ndi ziwiya zimene amakonzera. N'chifukwa chake wa m'timapaketi timayamba tawerenga. Tsono kumudzi kulibe paketi yoti uwerenge. Nthawi ya mavuto ija, khofi atasowa m'masitolo, tonse tinkakazinga balere n'kusakaniza kuti achuluke. Mavuto atatha ife tinasiya. Azakhali ako a Stamena sindikudziwa ngati anasiya. Mayi aja akazolowera chinthu amachisandutsa lamulo. Usamwe usanaone ndi maso ako chimene chalowa mumphika. Ukakayika, imwa madzi. Wandimva?"

"Ndamva, amayi."

Anamva ndithu. Koma maso ake anali pagalasi, akuona ngati diresi lakhala bwino.

3. Tirigu wa pakhomo

Basi inamusiya pamsewu ndipo anakwera chitunda pa chipale chofewa. Bambo Obrad anamuchingamira pageti, namupsompsona m'masaya katatu. Ankanunkha kachasu ndi fodya, koma Nevena sanalabadire.

"Taonani mmene chatalikira chimwana changa," anatero kwa alendo. "Mphuno iyi ndi yanga, palibe angatsutse."

Mawu amenewa anamukoma Nevena kuposa chilichonse chimene anamva chaka chonsecho.

Pakhomo panaima mlongo wawo wamkulu wa bambo Obrad, azakhali a Stamena, amene sanakwatiwe ndipo amalamulira nyumbayo ngati anaimanga ndi manja awo. Ananyamula thireyi ya tirigu wophika. Mwambo umafuna matambula awiri a madzi, lina la masupuni oyera, lina la ogwiritsidwa kale. Kwa a Stamena tambula ndi limodzi. Mlendo aliyense amanyambita supuni n'kuibweza momwemo, wotsatira n'kuivuula. Pofika masana madziwo amakhala atachita mbuu, tinjere tikuyandama pamodzi ndi malovu a mudzi wonse. Ine ndadyapo slava zosawerengeka, koma tambula limenelo ndikaliganiza mtima umachita nseru.

Nevena anachita chizindikiro cha mtanda.

"Slava yabwino, azakhali. Mundikhululukire, tirigu sindidya."

"Eee, ndi matenda a m'tauni aja?" anatero a Stamena mokweza kuti a m'chipinda chodyera amve. "Obrad, tamumva mwana wako. Akukana tirigu wa Nikolasi Woyera. Kwathu kuno palibe anadwalapo mkate. Agogo ako anafa atakalamba mpaka kuiwala mayina a ana awo, mkate uli m'manja. Zimenezi ndi za kuchikazi, kwa amako."

"Musiyeni, achemwali," anatero bambo Obrad akuseka kuseka kwa munthu amene nsapato ikumuluma. "Ndi za madokotala zimenezo."

Wansembe atafika, a pabanja anazungulira mkate waukulu uja, aliyense zala zake pansi pake, n'kumautembenuza pang'onopang'ono uku akuimba. Nevena anaima pafupi ndi bambo ake, phewa kukhudza phewa. Anasangalala mpaka misozi inalengeza. Atatha anakasamba m'manja mwakachetechete monga anauzidwira.

Pachakudya ndi pamene zinavuta. Atatsekula kabakuli kake ka mpunga ndi nsomba yowotcha, makambirano anaima. Bambo wina, mnansi wa pafupi, ndevu zili noninoni ndi mafuta a nsomba, anamuloza ndi foloko.

"Obrad, mwana wakoyu wabwera ndi kamba ngati akupita kuchipatala kukadikirira wodwala. Kapena anamuuza kuti kuno timathira anthu mankhwala?"

Anthu anaseka, pakamwa podzaza. Bambo Obrad anasekanso, koma makutu awo anafiira ndipo sanayang'anenso kumene kunali mwana wawo.

Kumapeto kwa tebulo kunakhala Zorana, Lenka ali pamiyendo. Kamwanako kanali ndi zaka ziwiri, timanja ngati timitengo, mimba ili patsogolo. Kankakana chakudya, koma a Stamena ankakatsegula pakamwa n'kukankhiramo mkate woviika m'chakumwa chimene kuno timati khofi wa ana, chomwe ndi balere wokazinga wothira mkaka. Chakudya chisanathe Zorana anatuluka nako kangapo kukasintha thewera. Akamadutsa, fungo linkatsala m'chipindamo, ndipo alendo ankangogwira mphuno n'kupitiriza kutafuna.

4. Kachigayo ka agogo

Mbale zitachotsedwa, a Stamena anamukodola.

"Ngati ndiwe mwana wa pakhomo pano, khofi ukapereke ndiwe kwa alendo. Kapena zimenezonso dokotala analetsa?"

Nevena ananyamuka mwachangu. Kupereka khofi pa slava ndi ntchito ya mwana wamkazi wa m'nyumbamo, ndipo aliyense m'chipindamo ankadziwa zimenezo.

M'khitchini a Stamena anatenga kachigayo kamkuwa kopukusa ndi dzanja. Anathiramo njere za khofi zodzaza chikhatho. Kenaka anatsekula chitini chakale cha mabisiketi, natapamo njere zina zing'onozing'ono, zosongoka, zokhala ndi kamzere pakati, zokazingidwa mpaka kuda bii. Anathira zimenezonso n'kuyamba kupukusa.

"Azakhali, izo mwathirazo n'chiyani?"

"Ichi ndi chimene anthu amatamandira khofi wanga. Balere wa m'munda mwathu, ndimakazinga ndekha. Khofi wa m'sitolo payekha amangowawa ngati mankhwala."

"Balere ine sindiloledwa."

"Ukudya kapena ukumwa? Taona mmene wapserera. Kachirombo kakoko kapsera momwemo. Moto susiya kanthu."

Limeneli ndi bodza, ndipo ndikufuna wowerenga aliyense alidziwe kuti ndi bodza. Guluteni si kachirombo. Ungakazinge balere mpaka khitchini kudzaza utsi, iye amakhalamobe. Komanso khofi wathu sitisefa. Ufa wonse umalowa m'kapu.

"Mungandiphikire wanga padera, wa khofi yekha?" anapempha Nevena.

"Ndipere ndi chiyani, mano? Kachigayo ndi kamodzi komweka. Kanali ka agogo ako, ndipo sikanalawepo madzi chifukwa madzi amakawononga."

Madzi atawira m'kamphika ka khofi, a Stamena anasuzumira uku ndi uku kufuna supuni. Anaipeza m'tambula lija la pakhomo. Anaivuula, anainyambita mbali zonse ziwiri, natapira ufa uja n'kutakasa. Nevena anayang'ana kumbali, dzanja lili pakamwa.

A Stamena anaona. Anatsitsa mawu, ndipo mawu awo otsika ndi oipa kuposa okweza.

"Tamvera kuno, mwana iwe. Mchimwene wanga wakuitana anthu akuona, ine ndisakufuna. Ndinamuuza kuti mwana woleredwa ndi Dobrila abwera kudzatiyeza ukhondo. Iye anati ayi, ndi magazi anga. Wakana tirigu, ndakhala chete. Wakana mkate. Wakana nsomba. Wakana nyemba zimene ndadzukira tambala asanalire. Watulutsa kabakuli kako pakati pa alendo ngati walowa m'nyumba ya anthu auve. Bambo ako wawaona nkhope? Akulephera kudzutsa mutu pa slava yawo yomwe. Tsopano watsala khofi. Iwe ukudziwa, kuno munthu akakana khofi m'nyumba mwako ndiye kuti pakati panu pali mlandu. Ukakana, anthu aja akafalitsa mudzi wonse kuti Obrad anaitana mlendo, osati mwana. Ukatero chaka chamawa usadzadabwe foni ikadzakhala chete. Nyamula thireyi."

5. Pakati pa kapu ndi tambula

Nevena anapereka khofi bwinobwino, kuyambira kwa wansembe ndi akuluakulu, osataya ngakhale dontho. Amayi ena anayamikira kuti mtsikanayu ali ndi manja abwino. Pathireyi panatsala kakapu kamodzi ndi tambula la madzi akumwa.

Bambo Obrad anamenya mpando umene unali pambali pawo.

"Khala apa, mwanangu. Chibadwire chako sindinamwepo nawe khofi. Anthuni, khofi yekha ndiye dokotala anamulola, mayi ake anandiuza. Lero timwa limodzi, ine ndi mwana wanga woyamba."

Alendo anatembenuka onse. A Stamena anaima pakhomo la khitchini, manja m'chiuno.

Nevena anakhala pansi. Anaweramira kukhutu kwa bambo ake.

"Ababa, muli balere," ananong'ona.

Kumwetulira sikunachoke pankhope ya bambo Obrad. Anayankha milomo isakuyenda n'komwe.

"Ndikudziwa. Ndakulira khofi yemweyu ine. Ndi kakapu kamodzi, sikangakuphe. Usandichititsenso manyazi."

Apa ndiye ine pamandiwawa. Mlongo wawo tinganene kuti ndi umbuli. Koma bambo Obrad anauzidwa zonse matendawa atangodziwika, ndipo anamuona mwana wawo ali mafupa okhaokha. Ankadziwa chimene chinali m'kapumo. Anayeza matumbo a mwana wawo ndi kuseka kwa mnansi wa ndevu zamafuta uja, n'kuona kuti kusekako n'kolemera. Khalidwe lotere limandinyansa kuposa tambula la masupuni lija.

Madzi anali pomwepo, pafupi ndi dzanja lake lamanja. Nevena anawayang'ana. Anayang'ana azakhali ake. Anayang'ana bambo ake, amene anali atakweza kale kapu yawo kumudikira.

Anatenga kapu.

Khofiyo ankamveka ngati phala lopserera. Anamwa pang'onopang'ono monga timamwera kuno, mpaka masese anamukhudza milomo. Alendo anaomba m'manja ngati wapambana mayeso. Bambo Obrad anamukumbatira paphewa.

"Mwaona? Ndi wa kwathu uyu."

A Stamena anabwera akumwetulira koyamba tsiku limenelo. Anatenga kapu ya Nevena, anaivundikira pakambale, ndipo masese atauma anaitukula kuti aone zam'tsogolo, monga amachitira amayi akuno.

"Ndikuona njira," anatero. "Mwana uyu ayenda ulendo posachedwa."

Pa zonse zimene ananena tsiku limenelo, zoona zinali zokhazi.

6. Kuseri kwa nyumba

Dzuwa lisanalowe, nyimbo zitangoyamba kukoma, m'mimba mwa Nevena munapota. Thukuta lozizira linatsika m'khosi. Anayesa kupirira, anakanikiza mimba ndi chigongono, koma malovu anadzaza m'kamwa. Anadzuka, anagunda mpando, nathamangira panja.

Kuchimbudzi sanafike. Anagwada kuseri kwa nyumba pafupi ndi khola la nkhumba, n'kusanza pachipale choyera chija. Unatuluka mpunga, inatuluka nsomba, kenaka zakuda zowawa za khofi. Zinamuthimbirira diresi ndi nsonga za tsitsi. Atati wapuma, zinabweranso. Nkhumba zinasonkhana kumpanda zikununkhiza.

Mawu a m'nyumba ankamveka pawindo.

"Kapena kanalawa kachasu mobisa," anatero mnansi uja.

"Ndi mpunga wake wa m'kabakuli uja," anayankha a Stamena. "Wayenda nawo m'basi kuchokera m'mawa, wasasa. Akanadya zathu bwenzi ali bwinobwino."

Bambo Obrad sanatuluke. Anali pakati pomwetsa alendo, ndipo nyimbo inapitirira.

Amene anatuluka ndi Zorana, mkazi amene Nevena anali asanalankhule naye mawu opitirira moni. Anabwera ndi thaulo ndi jagi ya madzi. Anamugwirira tsitsi kumbuyo mpaka kusanza kunaleka, namupukuta kumaso.

"Pepani, amayi aang'ono," anatero Nevena. "Ndakuipitsirani pakhomo."

"Zisiye, chipale chikwirira." Zorana anayang'ana kuwindo, natsitsa mawu. "Tandiuza. Matenda akowa anayamba bwanji?"

"Amayi amati ndili wamng'ono ndinkangolira. Chakudya ndinkakana. Thupi silinkakwera koma mimba inkatupa. Kuchimbudzi ndinkapita pafupipafupi, zotuwa, zonunkha moti amayi ankatsekula mawindo onse."

Zorana anasiya kupukuta.

"Matendawa amachokera kuti?"

"Dokotala anati amayenda m'magazi. Anati abale anga enieni akayezetse. Amayi anayezetsa, sanawapeze nawo. Ababa anauzidwa, koma sanapite."

Zorana anapinda thaulo lija kawiri, kenaka analipindanso, maso ali pakhomo pamene kulira kwa Lenka kunkamvekera.

Mnansi wina amene ankatsikira m'tauni ndi galimoto anavomera kumutenga Nevena. Bambo Obrad anamupeza pageti. Sanamupsompsone. Anaima patali pang'ono chifukwa cha fungo la diresi.

"Ukanatha kudziletsa mpaka alendo atapita," anatero. "Azakhali ako akhumudwa kwambiri. Anthu ayesa chakudya chawo ndi choipa. Kawapepese usananyamuke."

"Ababa, ndinamwa chifukwa cha inu."

"Palibe anakutsegula pakamwa."

Nevena anagwira chitseko cha galimoto kuti asagwe.

"Chaka chamawa ndidzabwere?"

"Tidzaona," anatero bambo Obrad, akuyang'ana kale kunyumba kumene alendo ankawaitana.

Nevena sanakapepese. Analowa m'galimoto, ndipo mwini galimotoyo anayenda njira yonse windo lili lotsekula ngakhale kunja kunali chisanu choluma.

7. Alendo a m'mawa

Mayi Dobrila atamuona pakhomo sanafunse zambiri. Anamuvula diresi, anamusambitsa ngati khanda, namugoneka ndi beseni pambali. Nevena anafotokoza yekha, kuyambira chitini cha mabisiketi mpaka mawu a pageti.

"Unaona ndi maso ako?" anafunsa mayi ake.

"Ndinaona."

"Madzi analipo?"

"Analipo."

Mayi Dobrila anakhala m'mphepete mwa bedi.

"Sindikukalipira, thupi lako lakukalipira kale. Koma umve izi. Kusanzaku kutha, mawa kapena mkuja udzuka. Chimene sukuchiona ndi cha m'katimo. Matumbo amene tinawasamala nthawi yonseyi apwetekanso, ndipo sapola lero. Ukamachita kawirikawiri, magazi adzachepa, mafupa adzafooka, udzabwerera kumene tinachokera kuja. Khofi sanakulakwire. Mawa ndikhoza kukuphikira khofi weniweni, ukamwa osamva kanthu. Chakupweteka ndi balere, ndipo unamwa ukudziwa, kuti ugule malo patebulo la bambo ako. Tsono taona, wamwa, wadwala, malowo sanakupatse. Anthu okukakamiza sadzatha, mwana wanga. Adzakhalapo kusukulu, kuntchito, ngakhale kubanja kumene udzakwatiwe. Amene amakukonda ukamuuza kuti ichi chimandidwalitsa, amachichotsa yekha patsogolo pako. Amene akuti imwa kuti ine ndisachite manyazi, ngakhale utamwa mphika wonse sadzakhuta."

Nevena anatembenukira kukhoma n'kulira. Sankalira m'mimba ayi.

Kutacha, mayi Dobrila akusesa, kunamveka kugogoda. Nevena anadzikoka pabedi, bulangete lili m'mapewa, n'kusuzumira.

Pakhomo panaima Zorana, nsapato zili ndi matope a kumudzi, Lenka atamukulunga m'shawelo. Anali atakwera basi yoyamba. Akazi awiriwa anali asanaonanepo maso ndi maso.

"Ndine Zorana," anatero mlendoyo.

"Ndakudziwani."

"Ndabwera osawauza a Obrad. Akuganiza kuti ndapita kwa amayi anga." Zorana anamufungatira Lenka. "Ndikufuna dokotala amene anamuona Nevena. Achemwali awo akuti mwanayu ndi wamatama chabe, akuti ndimamulera moipa. Koma dzulo Nevena wandiuza zinthu, ndipo chilichonse chimene wanena ndimachichapa ine tsiku ndi tsiku."

Mayi Dobrila anatsamiritsa tsache kukhoma. Anafunyulula shawelo ija pang'ono, nayang'ana timanja tija, kamimba kotupa, ndi khungu lotuwa la m'masaya. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo.

"Nevena, bwera umunyamule mng'ono wako. Chithunzi chako uli ndi zaka ziwiri ndi ichi chabwera chokha."

Nevena anamulandira Lenka. Sankalemera n'komwe. Kamwanako kanamuyang'ana ndi maso olowa m'kati, pamwamba pa mphuno ija bambo Obrad ankati palibe angatsutse.

"Akuti ndi za kuchikazi," anatero Nevena motsitsa.

"Amayi ake ndi awa, amayi ako ndine," anayankha mayi Dobrila. "Wowerenga awerenge yekha amene watsala." Anatsekula chitseko chonse. "Lowani, mayi a Lenka, mwazizidwa. Musamusiyitse mkate panokha dokotala asanamuyeze, zingasokoneze zotsatira. Tipita limodzi kuchipatala kukangotsekulidwa. Khalani apo, nditereke khofi. Wathu kuno ndi khofi yekha."

Zorana anakhala pampando, manja ali pamaondo. Madzi anayamba kulira pasitovu.

Nthawi yomweyo foni ya Nevena inalira patebulo, foni ija ankayenda nayo mpaka kubafa kudikira tsiku ngati limeneli. Onse atatu anaona dzina limene linatuluka pagalasi. Zorana anaimirira, nkhope itayera.

"Adziwa," anatero. "Aimbira kwa amayi anga."

Foni inapitiriza kulira. Nevena anasamutsira Lenka kudzanja lamanzere, anaitenga, naiyang'ana kanthawi. Kenaka anaiika kukhutu.

"Ababa," anatero, "mwana wanu ali ndi ine. Lero mundimvera mpaka ndimalize."